Mpango Wanu Musauchape

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi bondo lija likukulolani kuyenda? Ine ndilipo, ndipo ndalemba ndi dzanja langa kuti mukhulupirire.

Achemwali andiuza kuti chimvereni zoti madokotala akandiwotcha mwasiya kudya, mukuti akufuna kundiponya pamoto ndili moyo. Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka yeniyeni. Amayi, kuwotcha ndi mawu chabe akuchipatala, moto palibe. Munthu amagona pabedi, makina n'kuunika pamene pali nthendapo kwa mphindi zochepa, iye n'kudzuka kumapita. Anzanga kuntchito akuti ndasita zovala za eni zaka zonsezi, tsopano yakwana nthawi yoti andisite ineyo.

Chija tinkati chimfine chosatha, mphuno yakumanja kutsekeka ndi kumakha magazi, sichinali chimfine. Analowetsa kawaya ka kamera m'mphuno, n'kudula kanyama kukayeza. Zotsatira zinachedwa masabata atatu chifukwa mtundu wake ndi wosowa, moti dokotala akuti chiyambireni ntchito ine ndine wachiwiri kumuona nawo. Ndi khansa, inamera m'mphako za kuseri kwa mphuno, pafupi ndi diso. Chotupacho anachichotsera m'mphuno momwemo, nkhope munandipatsa ija sanaing'ambe. Kuwotchaku n'kofuna kupha timizu totsala. Mkamwini wanu azindiperekeza tsiku lililonse, ngakhale amanjenjemera akangoona jakisoni.

Koma dokotala sanandibisire kuti akadzamaliza, mwina sindidzamvanso fungo. Izi ndiye zikundiwawa. Ine Kamphuno wanu, amene ndinkatulukira nthochi mutazivundika pansi pa bedi. Pakadali pano mphuno yakumanzere ikugwirabe pang'ono, ndipo kwatsala masabata awiri kuti tiyambe.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire mpango wanu wobiriwira umene mumavala kumunda, mupatsire dalaivala wa basi amene wabweretsa kalatayi. Chonde musauchape. Ndikukudziwani, muziti mwana wanga sangalandire chinthu chakuda, anthu am'tauni angatiseke. Asiyeni aseke. Ndikufuna utsi, thukuta ndi mafuta anu odzola aja zili momwemo, ndikununkhizeni mphunoyi ikadali kugwira.

Mundiperekere moni kwa achemwali, alamu, amalume ndi ana onse. Ndipo inu mudye lero lomwe, dalaivalayo ndamuuza kuti asalandire mpango mbale yanu asanaione.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Kamphuno