Mawu Ali ndi Mwini Wake

Lolemba, 3 Novembala

Sabata yachisanu ndi chinayi kunja kuno. Kuzizira kosaneneka, masokosi awiriawiri. Kwatsala sabata zisanu ndi ziwiri ndibwerere ku yunivesite yakwathu. Ndikalephera phunziro limodzi lokha kuno, chaka chonse ndibwereza.

Masana kwabwera uthenga wochokera ku ofesi. Ndi za ntchito ija ndinapereka kwa a Magalasi (dzina ndinawapatsa ndine), aphunzitsi athu a za madzi, yofotokoza chifukwa chake mijigo imafa msanga m'midzi. Akuti ndikaonekere pamaso pa komiti Lachiwiri la sabata yamawa. Mlandu wake: kuba mawu. Ndawerenga kanayi. Kuba? Ine? Munthu wobweza ngakhale bolopeni yobwereka?

Mpunga wapserera m'poto ndili chiimire.

Lachitatu, 5 Novembala

Mayi wa mu ofesi wandipatsa pepala langa lija. Masamba asanu ndi limodzi, theka lake apaka zofiira. Zofiirazo akuti ndi mawu a a Magalasi, ofanana ndendende ndi notsi zawo. Eya, ndi awo. Nanga akanakhala a yani? Wakuba wanji wopita ndi katundu kwa mwini wake, atalembaponso dzina lake pamwamba?

Kwathu, kuyambira sitandade wanu, mwana wanzeru ndi amene amabweza mawu a aphunzitsi osagwetsa ndi limodzi lomwe. Ndi mmene ndinkakhozera. Ndi mmenenso ndinapezera mwayi wobwera kuno. Lero zomwezo zasanduka umbava.

Chimtali (nalonso dzina ndinamupatsa ndine), mtsikana wa konkuno amene ndimagona naye chipinda chimodzi, wandifotokozera ngati akulankhula ndi mwana. Akuti kuno mawu alionse ali ndi mwini wake, ukabwereka umamutchula. Wandichenjezanso kuti kukomitiko ndisakayerekeze kunena kuti pepani, akaona ngati ndavomera mlandu. Akuti ndimapepesa zilizonse. Zoonadi, dzulo iye anataya yekha tiyi, wopepesa ndinali ine.

Lachisanu, 7 Novembala

Abambo aimba kawiri. Sindinayankhe. Asiya mawu: "Mwanawe, kuli zii bwanji? Ukaone mijigo yakumeneko, udzandiuze mmene amaikonzera." Ndiwauze chiyani? Kuno madzi amangotuluka m'khoma.

Zaka makumi awiri akukonza mijigo, njinga yawo ili gwedegwede ndi masipanala. Mudzi uliwonse umene afika amalengeza kuti mwana wawo ali kunja, akuphunzira za madzi. Ndiye ndikatsike ndege ndi dzina loti wakuba?

Lolemba, 10 Novembala

Ndasita bulauzi yoyera kawiri. Chakudya sichikulowa. M'kalasi ndakhala kumbuyo kwenikweni, a Magalasi akulankhula, ine dzanja likufuna kulemba mwachizolowezi. Ndaligwira ndi linzake. Ndikuopa ngakhale kumva, poti chimene ndamva sichituluka m'mutu muno.

Lachiwiri, 11 Novembala

Chipinda chaching'ono, tebulo lalitali, anthu atatu. A Magalasi, mayi wapampando, ndi bambo wina wolemba. Ndisanakhale n'komwe pansi ndinali nditapepesa katatu. Wolembayo analemba.

Maso anga pansi, monga ndinaleredwera. Mayi wapampando anafunsa ngati pali chimene ndikubisa. Ndinadzutsa mutu mokakamiza, khosi lili gwa.

Anafunsa kumene ndinakopera. Ndinati m'mutu. Anayang'anizana. Pamenepo mtima unandipsa, mantha n'kuiwalika. Ndinaimirira, manja kumbuyo, n'kuyamba phunziro la sabata yachitatu kuchokera pa moni. Lonse. Mpaka nthabwala yawo ija ya ndowa yobooka, imene m'kalasi munalibe anaseka. Wolemba uja anasiya kulemba. A Magalasi anavula magalasi, koyamba kuwaona maso enieni.

Kenako anandifunsa: "Chabwino, zimenezo ndinanena ndine. Nanga iwe ukugwirizana nazo?"

Chiyambire sukulu palibe mphunzitsi anandifunsapo funso limenelo.

Chigamulo: sabata imodzi, ndilembenso, maganizo angaanga. Akapanda kukhutira, ndalephera phunziroli.

Lachinayi, 13 Novembala

Tsamba likadali loyera. Vuto si kusowa maganizo. Vuto n'loti sindikugwirizana nazo. A Magalasi amati mijigo imafa chifukwa anthu akumudzi sadziwa kuisamala. Si zoona, ndipo ndinkadziwa pamene ndinkalemba. Koma kuuza munthu wa imvi, wolemba mabuku anayi, kuti mwaphonya? Ndipo magiredi anga ali m'manja mwake? Amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Awawa agonera sabata zisanu ndi ziwiri, sakukomabe.

Ndikawavomereza, ndabwereza mawu awo, ndalephera. Ndikawatsutsa, mwano. Chimtali akuti kuno aphunzitsi amakonda kutsutsidwa. Iye n'chapafupi kunena, kwawo ndi pa basi imodzi.

Loweruka, 15 Novembala

Ndawaimbira abambo. Ndanena zonse, ndikulira ngati mwana. Iwo anati: "Waba mawu? Ndiye wawabisa kuti, poti anthu akawapeze?" Ndinaseka mamina ali chuchuchu.

Nditawauza zimene a Magalasi amaphunzitsa, kuseka kunatha. "Iwe, tenga cholembera." Ola lathunthu. Akuti amayi a m'makomiti a mijigo amamasula mjigo okha, ndodo zonse n'kuzitulutsa, osataya ndi nati yomwe. Chimapha mjigo ndi kamphira ka mkati kokoka madzi. Kakatha, kogula kulibe. Aliyense wobwera kudzathandiza amabweretsa mtundu wake wa mjigo, n'kupita ndi zipangizo zake zomwe. Mijigo isanu ndi iwiri m'dera lawo, mitundu inayi. Abambo amadula timphira ku matayala akale, timakhala miyezi itatu basi.

Ndinakula ndikuwaona akudula timphirato pakhonde. Sindinaganizepo kuti zimenezo n'zolemba m'pepala la ku yunivesite.

Lachiwiri, 18 Novembala

Ndapereka. Chiganizo choyamba ndinachifufuta kakhumi, pomaliza chakhala chonchi: Aphunzitsi anga akuti vuto ndi anthu, ine ndikuti vuto ndi kamphira.

Kumapeto, mndandanda wa eni mawu. A Magalasi ndawatchula paliponse pamene ndabwereka. Abambonso, dzina lonse, ntchito yawo, ndi tsiku limene tinalankhula. Mwa dongosolo la zilembo dzina lawo lakhala pamwamba pa la a Magalasi. Ndinayesa kusintha, Chimtali wakaniza, akuti lamulo ndi lamulo. Ndafa ine.

Lachinayi, 27 Novembala

Masiku asanu ndi anayi, zii. M'kalasi sandiyang'ana. Kapena amandiyang'ana, poti ine maso amakhala pansi. Zovala zina ndayamba kale kulongedza. Madzulo ano uthenga wa mzere umodzi: ndikawaone mawa ku ofesi kwawo.

Lachisanu, 28 Novembala

Ndakhoza. Osati pamwamba, koma ndakhoza. Ndinakhala pampando asanandiuze kuti ndikhale. M'mbali mwa pepala monse alembamo zotsutsa, akuti mijigo isanu ndi iwiri ndi yochepa, ndikawerenge yambiri ndikabwerera. Nkhope yosaseka ngati kale. Ndikutuluka anandiimitsa. Akuti chaka chamawa akufuna kuphunzitsa za kamphirako, ndiye ndikawapemphere chilolezo kwa mwini mawu.

Ndaimba ndili pamasitepe. Abambo anali pa mjigo, ndinkamva zitsulo ndi amayi akulongolola kumbuyo. Ndafotokoza kawiri, koyamba sanamve. Anauza anthu aja kuti atonthole kaye. Kenako anakonza kukhosi.

"Uwauze atenge, mwanawe. Koma akanene kuti ndi anga. Akapanda kutero, tiwaitanira komiti."