Chitsulo cha m'chiuno mwa abambo

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno ku Biwi tilipo. Mng'ono wanga Esinati wabereka mtsikana, tamutcha dzina lanu, ndipo pakamwa watengeranso inu. Chimanga kumudzi chachita bwino.

Koma amuna anuwa atisautsa. Anakwera padenga kukamata malata, nkhalamba yonse ija, ine nditawaletsa. Paja munkati makutu a abambo ndi okongoletsa mutu basi. Makwerero anaterereka, iwo khu pansi, fupa la m'chiuno n'kuthyoka.

Kuchipatala adokotala anati njira zilipo ziwiri. Agone chagada miyezi ingapo, mwendo atawumanga chingwe cholendewera thumba la mchenga, apo ayi awachite opaleshoni, fupalo alilumikize ndi chitsulo. Kumbali anandiuza kuti okalamba akagona nthawi yaitali chotere amatuluka zilonda, chifuwa n'kuwagwira, ena osadzukanso. Amayi, ndinachita mantha.

Abambo chitsulo anachikana. Akuti iwo awotcherera zitsulo moyo wawo wonse, akudziwa bwino mmene amisiri amapusitsira makasitomala. Anafunsa ngati n'chatsopano kapena chogwejula pa minibasi yakufa. Anafunsanso za dzimbiri, ndiponso ngati sichiitana mphezi. Mpaka anandituma ndikatenge chawo kushedi, ati chimenecho ndiye amachidziwa mtima wake. Manesi kuseka, ine manyazi osowa poyang'ana.

Anagona choncho ndi mchenga wawowo. Abusa anayesa, ine ndinalira, osatheka. Kenako kunabwera amayi a Mvano, anzanu aja, kudzawazonda. Anazungulira bedi n'kuyambitsa nyimbo ija tinaimba pamaliro anu, mokoka bwinobwino, wina atayamba kale kusisima. Abambo anawayang'ana mmodzimmodzi. Ndime yachiwiri isanathe anaitana nesi, ati chitsulo chija chibwere, olo chikhale cha wilibala.

Chitsulo chija anawaika, Amayi. Masiku oyamba ankatukwana aliyense wowaimiritsa, koma dzulo ayenda ndi ndodo mpaka kumsewu, n'kuimirira pamenepo kuti Biwi yense awaone. Pobwerera anandigwira mkono, anati ndikuuzeni kuti amakusowani tsiku lililonse, koma muyambe mwadikira, sanamalize kukalamba.

Inenso ndimakusowani, ndipo ndimakukondani. Amuna anuwa ndiwasamala, ndikulonjeza. Mudzawalandira ndithu, koma osati chaka chino.

Ine mwana wanu woyamba,
Tereza