Dzina la pa Kachitsulo

Lolemba, 3 Malichi 2025

Lero Saul wanditengera m'tauni, ku kampani yogulitsa magalimoto ija ya magalasi okhaokha. Ati ndikaone chinthu. Chinthucho kulibe n'komwe. Chithunzi pakhoma ndi kabuku konyezimira, basi. Galimoto yothamanga, yofiira, ya mipando iwiri, mimba yake pafupifupi kukhudza pansi. Dziko lonse lapansi apanga mazana atatu okha. Zambia yapatsidwa imodzi, ndipo imodziyo yapeza mwamuna wanga.

Munthu wa zaka 49. Munthu wa malole, amene zaka zonsezi wayendera pikapu yotseka chitseko ndi waya. Ndamufunsa ngati waiwala mahampu a ku Woodlands kwathu. Wangoseka. Ndamufunsa thumba la ufa lizikhala pati, ati pamiyendo panga.

Mtsikana wogulitsa dzina lake Melanie. Zikhadabo zazitali, ulemu wambiri, tiyi m'timakapu tosakwana kumeza kawiri. Watifotokozera kuti pafupi ndi giya pamakhala kachitsulo. Pamenepo amazokota nambala ya galimoto, yathu ndi 212, ndi mawu amene mwini wake wasankha. Amazokota ku fakitale komweko, kamodzi kokha. Polemba mzere umenewo pa fomu, Saul anatchinga ndi dzanja ngati mwana pa mayeso.

Ndinaganiza kuti ndi dzina langa. Ndilembe zoona, buku ili ndi langa: ndinaganiza kuti walemba Rhodah, ndipo ndinakondwa njira yonse.

Nanenso ndasaina, poti akugula m'dzina la kampani yathu ndipo pamapepala ndine dayirekitala. Ifika mu Julaye.

Lachiwiri, 11 Malichi

Saul ali ku Nakonde, lole yagwidwa pa boda. Foni yake sikulowa, ndiye Melanie waimbira ine.

"Ba Rhodah, nifuna chabe kufunsa. Ba fakitale bafuna kuziba ngati ni mau yabili olo imozi. Bashi Given."

Ndinamuuza abwereze. Anabwereza, mpaka kutchula chilembo chimodzichimodzi. Kenako ati, "Ali na zaka zingati mwana wanu? Badadi bake bamukonda maningi."

Ndinayankha kuti ndi mawu awiri.

Kwa anthu a Saul, Abemba, mwamuna akabereka dzina lake limagona. Amasanduka Bashi uje, bambo wa uje. Mng'ono wake ndi Bashi Chibesa kuyambira ali ndi zaka 24. Saul yekha, imvi m'mutu, pamaliro ndi paukwati akadali Ba Saul, ngati mnyamata wotumidwa madzi. Zaka 17 m'banja, m'nyumba muno mulibe mwana.

Ndiye Given ndi wa kwa yani?

Sindinadye. Ndakhala pakhonde mpaka wothirira maluwa wa kwa aneba anayamba kundiyang'ana.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndasanduka wapolisi. Matumba a majekete, madirowa, pansi pa mpando wa pikapu. Malisiti a dizilo, mankhwala a shuga, chotokosera m'mano. Palibe chovala cha mwana, palibe pepala la sukulu. Munthu wochenjera sasiya mapazi.

Dzulo ndinapita ku Chilenje kwa mlamu wanga Mwelwa, mlongo wa Saul, ndi nkhuku m'manja ngati ndamusowa. Ndinazungulira nkhani mpaka kufunsa ngati kubanja kwawo kunakhalapo wina wotchedwa Given. Anaganiza, nati ayi. Nkhope yosalala. Koma ndi Mwelwa yemweyu amene pa Khrisimasi ina ananena, ine ndili pomwepo, kuti munda ukakana mlimi amafuna wina. Angadziwe ndi kundipatsabe fanta akumwetulira.

Lero kwa mkulu wanga Jesse ku Kabwata. Wamva zonse akusita mayunifomu a ana ake. Yankho lake limodzi: mufunse. Ati safunsa anadya phula. Kunena n'kosavuta ukakhala ndi ana anayi. Ndikamufunsa adzandiuza, ndipo akandiuza chinthucho chidzakhala ndi nkhope, ndi msinkhu, ndi mayi wake. Kenako akuluakulu adzakhala pansi, ndipo ine adzandiuza kuti ndilimbe mtima, mwana ndi mwana.

Ine ndinamupatsa chiyani? Mimba ziwiri zopita padera. Ndi mtayo uja wa 2013, umene ndinadzuka kuchipatala atauchotsa kale. Amayi ndi apongozi anagwirizana tsiku limenelo, koyamba ndi komaliza: mtayo salira, satchula dzina, amakaika amayi okhaokha, ukalira mimba imatseka. Sindinalire. Inatsekabe.

Saul wabwera madzulo ndi mpunga wa ku Nakonde. Wafunsa ngati a magalimoto anaimba. Ndati ayi.

Lachisanu, 14 Malichi

Lero linali tsiku lomaliza kusintha chilichonse pa fomu. Melanie ananena yekha Lachiwiri lija.

Ndinavala suti yanga ya buluu. Magalimoto pa Cairo Road osasuntha, ola lathunthu loti ndisinthe maganizo. Sindinasinthe.

Ndinamuuza Melanie kuti takambirana kunyumba, galimoto ndi ya kampani, payenera kukhala dzina la ntchito. Anazengereza. "Ba Saul baziba?" Ndinamuyang'ana mmene ndimayang'anira madalaivala akabwera ndi nkhani ya dizilo wotayika. Ndinamukumbutsa siginecha yachiwiri pa pepala lake kuti ndi ya ndani. Anabweretsa fomu ina.

S. Kapembwa. Ndinalemba ndekha, zilembo zazikulu.

Abereke kunja ngati wabereka. Koma sindidzakhala pampando umenewo, dzina la mwana wa mkazi wina lili pafupi ndi bondo langa, anthu a Lusaka akuwerenga pawindo. Manyazi amenewo ayi.

Potuluka ndinamva bwino. Mpaka pa maloboti achiwiri.

Lamulungu la Pasaka, 20 Epulo

Kutchalitchi sindimvanso ulaliki. Ndimangoyang'ana ana. Uyu makutu ngati a Saul, uyo kayendedwe. Mwana wa kwaya wina ndinamufunsa dzina, ati Wilbroad, ndipo anathawira kwa mayi ake.

Loweruka lapitali ndinatsatira Saul pa takisi mpaka ku Chelstone. Anaima pa shopu ya masipeya, anagula mafiluta, anadya chimanga chootcha ali chilili, anabwerera. Ndalipira takisi kuti ndikaone mwamuna wanga akudya chimanga.

Iye ali pachisangalalo. Waitana amisiri agumule simenti ya pageti, ati galimoto ingakhule mimba polowa. Wasesa garaja yekha. Wagula chinsalu chofundika. Sindinamuonepo chonchi kuyambira chaka chimene tinagula lole yoyamba, ndipo chimwemwe chakecho chimandiwawa ngati tsabola m'maso. Galu wamkota sakandira pachabe.

Akandikhudza ndimati mutu. Wasiya kundikhudza. Anafunsa kamodzi ngati wandilakwira, ndinati adzifunse yekha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukathirira kapinga.

Ndikudikira aulule yekha. Ndimamuda. Ndimamusowanso, ali m'chipinda chomwecho.

Lolemba, 9 Juni

Sitima yonyamula galimoto ija yafika ku Durban. Saul wandionetsa kadontho pa foni, ati ndi imeneyo. Kuzizira kwayamba, magetsi kulibe kuyambira m'mawa.

Ati tsiku lokatenga ndisapange pulogalamu ina, pali chimene akufuna ndione ndi maso anga. Ndiye akufuna kundiuzira pamaso pa anthu, kuti ndisakuwe? Tidzaona amene adzadabwe.

Jesse wafunsanso ngati ndamufunsa. Ndasintha nkhani.

Lachisanu, 18 Julaye

Yafika. Lero sinditha kulemba.

Loweruka, 19 Julaye

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ungakhale pansi.

Anaifundika nsalu yakuda pakati pa sitolo, riboni pamwamba. Manijala, wojambula zithunzi, antchito kuomba m'manja. Saul anavala jekete la ukwati wa mng'ono wake. Atachotsa nsalu sanayang'ane matayala, sanayang'ane injini imene manijala ankaitama. Anatsegula chitseko cha mbali yanga, nati ndilowe ndiyambe ndine. Iye anazungulira, anakhala, anawerama pa giya.

212/300. S. Kapembwa.

Anapukuta ndi chala, ngati mawu ena abisala pansi pake. Anaitana Melanie motsitsa, nafunsa ngati fakitale yalakwitsa. Melanie anangoyang'ana ine. Saul anatsatira maso akewo.

Sanakalipe. Anasaina mapepala, anagwirana chanza ndi manijala, anaima pa chithunzi. Tinanyamuka kupita kunyumba. Pa hampu iliyonse kupendeketsa galimoto pang'onopang'ono, anyamata a m'minibasi akuimba mluzu, ena kujambula ndi mafoni. Galimoto yothamanga kuposa zonse mu Zambia, ife tikupitidwa ndi njinga.

Pageti anazimitsa injini. Ndinayamba ndine, poti ndinali nditasunga mawu miyezi inayi. Ndinamuuza kuti ndikudziwa zonse, kuti asandiyese chitsiru, kuti anene Given ndi mwana wa hule liti.

Manja ake anali pa chiwongolero. Sanandiyang'ane.

"Given ni mwana wako, Rhodah. Wathu. Wa 2013."

Ati tsiku lija, ine ndili m'tulo ta mankhwala, azimayi anamuletsa kulowa. Anapempha namwino, namwino anamupatsa mphindi ziwiri. Mwanayo anali mwamuna. Ine sindinkadziwa, sindinafunsepo, anati kufunsa n'kuitana tsoka. Anamunyamula. Ati anali ndi tsitsi lambiri ndi mphuno yanga. Anamutcha dzina pomwepo, chamumtima, chifukwa sakanatha kubweza munthu wopanda dzina.

Zaka khumi ndi ziwiri osauza munthu. Ine ndinali chete, iye anayesa ndaiwala kapena ndikufuna kuiwala, ndipo anaopa kutokosa bala. Nanenso ndinkayesa iye anaiwala kalekale.

"Ku chechi kulibe zina yake. Ku manda kulibe. Nenze kufuna chabe pamalo pamozi pamene palembewa, pamene sibangafute."

Pamene sangafufute. Ndipo wofufuta anali atakhala pambali pake, chikwama pamiyendo.

Ndinalira, kulira kumene anandiletsa kuja, konse kunabwera pageti. Sanandigwire. Anadikira ndimalize, analowetsa galimoto m'garaja, anaifundika.

Lachiwiri, 22 Julaye

Ndaimbira Melanie dzulo. Wafunsa ku fakitale, ayankha lero: kachitsulo n'kamodzi pa galimoto imodzi, sapanganso kena. Wapepesa kambirimbiri, mwana wosalakwa. Wolakwa ndikumudziwa.

Ndinauza Saul kuti ku Kamwala alipo ozokota zikho za mpira, angathe kupala n'kulembanso. Anati ndisiye. Ndinamufunsa ngati akudziwa pamene anamuika mwana wathu. Ati anatsatira azimayi aja chapatali, anaona malo, koma atapitako chaka chachitatu anapeza aikapo ena pamwamba. Anayankha mwaulemu, ngati akuyankha mlendo.

Chimene chamupweteka sindikudziwa ngati ndi dzina lija kapena miyezi inayi imene ndinagona pambali pake ndikumuyesa wakuba. Mwina zonse. Galimoto sanaigwirenso kuyambira Lachisanu.

M'mawa uno wati akupita ku Nakonde. Palibe lole yathu ku boda sabata ino, madongosolo a maulendo ndimalemba ndine. Chikwama chachikulu, osati chaching'ono cha masiku onse. Mankhwala a shuga watenga botolo lonse.

Ndinamutsatira panja. Akutsegula chitseko cha pikapu, ndinaitana.

"Bashi Given."

Palibe munthu anamuitanapo choncho pansi pano. Anaima, dzanja pa chitseko. Ndinaona msana wake ukugwedezeka. Ndinayesa atembenuka.

"Osati manje, Rhodah."

Analowa, analiza injini. Geti ndatseka ndekha.