Masamba Obooka a Gwafa wa Amayi

LACHITATU

Achemwali, 09:12
mzime ukadasitabe diresi lomwe lija? ukwati wanga ndi loweruka lino osati next year kkk

Mzime, 09:20
lili ndi mapindo ambiri. ndikuopa lingapse

Achemwali, 09:21
ok. malume, cholembera changa chosainira chili pati? mwachotsa mu chikombole?

Achemwali, 10:05
malume?

Malume, 11:40
[chithunzi]
Pepani ana anga. Rezini, utomoni wouma ngati galasi uja, yachita mbuu ngati mkaka. Masamba onse a gwafa ada bii mkatimo.

Achemwali, 11:42
zatheka bwanj

Malume, 11:49
Ndinapupuluma. Ndinawayanika padzuwa, pamwamba anaoneka ouma koma mtsempha wapakati unali ndi madzi. Rezini sigwirizana ndi chinyezi.

Achemwali, 11:50
malume, gwafa wa amayi uja anadulidwa ndi a landlord. masamba aja anali omaliza

Malume, 11:58
Ndikudziwa. Tsiku limene malemu mlongo wanga ankaudzala, dzenje ndinakumba ndine.

Achemwali, 12:01
[uthenga wa mawu, 0:07]

Achemwali, 12:02
sorry mawu sakutuluka. ndimangofuna amayi akhalepo ndikamasaina

Mzime, 13:30
alipo ena

Achemwali, 13:30
kuti??

Mzime, 13:36
obooka aja munataya mu bini posankha. ndinawatola. ali pakati pa nyuzi pansi pa matiresi anga

Achemwali, 13:37
odyedwa ndi mbozi aja? pa ukwati wanga iwe?

Mzime, 13:44
amayi ankatiletsa kupha mbozi zija. ankati nazonso zili pa lendi ngati ife tomwe

Achemwali, 13:45
kkkkk ndikuseka misozi ikutsika

Malume, 13:47
Pinda limodzi. Likangopindika, ndiye kuti silinaume. Likathyoka, bwera nawo.

Mzime, 13:49
lathyoka

LACHISANU

Malume, 08:15
[chithunzi]
Taonani. Mbee ngati madzi. Ukaloza pawindo kuwala kukudutsa m'mabowo a mbozi aja. Zipika za rezini zatuluka ziwiri, chimodzi ndisema lero chikhale cholembera. Pepaninso.

Achemwali, 08:17
eish. chakongola kuposa choyamba chija. zkm malume. mzime Mulungu akudalitse, pa keke udula mbali yaikulu

Achemwali, 08:40
mzime wawerenga koma uli phee ngati kale. nena kanthu

Achemwali, 09:25
ndikuona ukulemba nkufufuta

Mzime, 09:51
malume musapepesenso. amayi atamwalira palibe anakutumani koma munabwera ndi ngolo kudzatisamutsa, nkutipatsa chipinda chanu inu mukugona ku shopu pakati pa utuchi. sindinanenepo zikomo. zikomo

Mzime, 09:53
chipika chachiwiricho chikhale cholembera chanu, mawa musainire pa umboni m'malo mwa amayi. koma ndikufuna ndiseme ine. ndatopa kungoima pakhomo la shopu nkumaonerera. mundiphunzitse makina osemera aja

Achemwali, 09:54
malume mwamva? kamwana aka kali ndi pakamwa

Achemwali, 10:10
malume?

Malume, 10:32
Utuchi unandilowa m'maso.

Malume, 10:33
Bwera pano mwana wa mlongo wanga. Umange tsitsi, makinawa amakoka.