Mbali Yakumanzere ya Makaseti a Bambo

Pune, Lachitatu, 9 Ogasiti

Okondedwa achemwali anga a Mrunal,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi amayi ayamba kudya? Nanga bondo lija likuwalola kukwera masitepe? Ine ndilipo. Ntchito yanga yokonza mabuku a anthu asanasindikizidwe ikuyenda monga kale. Mvula kuno sikukata, zovala zikutenga masiku atatu kuti ziume.

Kalatayi ndaitumiza kusukulu kwanu osati kunyumba. Pafoni sindikanatha, chifukwa amayi amakhala pambali panu pomwepo. Muiwerenge muli nokha.

Titamaliza mwambo wa tsiku lakhumi ndi chitatu la maliro a bambo, ndinanyamula katoni ya makaseti awo, aja ankajambula akamaimba kukachisi. Ndinakulonjezani kuti ndiwasamutsira mu kompyuta asanaonongeke. Ndinayamba bwinobwino. Mawu a bambo ndi limba lawo zinkamveka. Koma ndikavala mahedifoni, mbali yakumanzere inkamveka ngati munthu akuimba atafunda bulangeti, ndipo tizitsulo tija ankaomba malemu bambo aang'ono a Vasant, tolira ngwe-ngwe, sitinkamveka n'komwe.

Mukundidziwa ine ndi Linux wanga, pulogalamu yaikulu ija yoyendetsa kompyuta yanga yonse. Ndinayamba kukayikira waya, ndinamusintha. Kenako pulogalamu yoyendetsa mawu, ndinaichotsa n'kuika ina. Ndinafufuta zonse n'kuyambiranso, kawiri. Masabata atatu anathera pamenepo. Ndinawerenga masamba osawerengeka a pa intaneti pomwe anthu amatukwanizana pa nkhani yomweyi, ndipo kunena zoona zinkandipepuza mtima. Munthu ukakhala ndi chokonza, maliro amakhala kaye pakhomo.

Lamlungu lapitali ndinanyamula kompyutayo kupita nayo ku kagulu kathu ka Linux, kamene kamakumana pamwamba pa shopu yosindikiza makhadi a ukwati. Sindinakuuzenipo bwino za anthu ake. Pali a Farokh, a zaka makumi asanu ndi awiri, amene anali injiniya wa njanji. Kwa iwo nyimbo ikapanikizidwa kuti fayilo ipepuke, ndiye kuti yaphedwa. Ndiye pali Sayali, mayi wa ana awiri, amene amasintha maonekedwe a kompyuta yake mwezi uliwonse, lero otchedwa KDE, mawa otchedwa GNOME. Awiriwa sanagwirizanepo pa chilichonse.

Nditafotokoza vuto langa, a Farokh anasangalala ngati alandira mphatso. Anati n'zodziwikiratu, ndapanikiza mafayilo, ndipo mawu okwera ndi amene amayamba kufa. Anandifunsa kuti munthu wophunzira ngati ine ndingaike bwanji nyimbo za kukachisi m'chitini ngati nsomba. Sayali anati agogo a mawaya asiye kunamiza anthu, palibe khutu lingasiyanitse, iwo amangomva ulemu wa waya wawo osati nyimbo. A Farokh anamubwezera kuti munthu wosamuka nyumba mwezi uliwonse asaphunzitse anzake kusesa. Tiyi anazizira m'makapu.

Pagulupo tili ndi mwambo. Mkangano ukafika pamenepa, mmodzi amakhala moyang'ana khoma atavala mahedifoni, wina kumbuyo n'kumamuikira mafayilo awiri mosinthanitsa, wopanikizidwa ndi wosapanikizidwa, osamuuza kuti uyu ndi uti. Anayamba a Farokh. Atangomva pang'ono anatembenuka n'kufunsa kuti vutolo lili pati, popeza tizitsulo tikulira bwino lomwe kumanzere, m'mafayilo onse awiri. Sayali anamvera, nayenso anati tilipo. Ndinaseka, ndinati lero lokha agwirizana kuti andinyoze.

Kenako ndinakhala ine. Kumanzere kunali bulangeti lomwe lija. Sayali sanakhudze kompyuta. Anabwera kumbuyo kwanga, n'kundivula mahedifoni, n'kuwatembenuza kuti mbali yakumanzere ikhale pa khutu lakumanja. Achemwali, tizitsulo tinalira. Bambo aang'ono anali momwemo nthawi yonseyi.

Palibe anaseka. A Farokh anayamba kukulunga waya wawo pang'onopang'ono akuyang'ana pansi. Sayali anatikita zala pafupi ndi khutu langa lakumanja, ndinamva. Anatero kumanzere, ndinangoona chigongono chake chikugwedezeka. Anandifunsa kuti zayamba liti, ndinati sindikudziwa. Ndinanama pang'ono. Chiyambire Malichi ndakhala ndikusamutsira foni kukhutu lakumanja, ndipo kawiri ndadzandira potsika basi, n'kumanena kuti dalaivala sadziwa kuima. Pantchito ndimapeza chilembo chimodzi cholakwika m'masamba mazana atatu a munthu wina, koma ichi sindinachione.

Pobwerera ndinakumbuka wailesi ya bambo. Mukuikumbuka? Anaipititsa kokonzetsa katatu chaka chimodzi, akuti yayamba kulankhulira m'mphuno, ndipo wokonza uja ankaibweza akulumbira kuti ilibe vuto. Ife tinkaseka. Patapita zaka ziwiri anayamba kugwira khoma poyenda. Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine, chifukwa ndinu munawasamalira. Akulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ndikuona ngati kwathu chimaimba ndithu, ife n'kumaimba mlandu wailesi.

Dzulo a Farokh ananditenga pa galimoto yawo yakale kupita kwa dokotala wa makutu. Njira yonse ankandiuza kuti ndi litsiro la m'khutu chabe, kuti anthu owerenga mabuku sitikumbuka kusamba. Koma sanatsegule nyimbo m'galimotomo, chinthu chimene sindinachionepo. M'khutu mulibe litsiro. Dokotala anandiika m'kachipinda kotsekedwa bwino, n'kundipatsa batani loti ndizidina ndikamva kulira. Nthawi ina ndinamuona kudzera pagalasi akundiyang'ana, akudikira, ine chala chili phee. Nditamuuza za bambo, ndi kuti bambo aang'ono nawonso anayamba ndi kugontha khutu limodzi, anaika cholembera pansi. Akufuna andiunike m'mutu ndi makina Lachinayi la sabata ya mawa. Anati mwina si kanthu. Anatero kawiri.

Pempho langa ndi ili. Dokotalayo akufuna aone zithunzi za m'mutu mwa bambo, zakuda zija, pamodzi ndi mapepala a kuchipatala. Zili m'chikwama chobiriwira m'kabati yachitsulo, pansi pa malaya awo. Kujambula pafoni sikukwanira, akufuna zenizenizo. Muwapatse alamu a Dhananjay akamabwera kuno Lolemba. Ndikudziwa kuti kiyi wa kabatiyo amasunga ndi amayi. Muwauze kuti mukufuna kutulutsa zovala za bambo kuti zisachite nkhungu, kapena chilichonse mungaganize. Sindikufuna amve kanthu ine ndisanadziwe. Sanathe n'komwe masiku makumi anayi chiwasiyireni bambo.

Pali china ndinafuna kuchisiya, koma sichikanakhala chilungamo. Dokotala anafunsa ngati ndili ndi abale a mimba imodzi. Ndinati ndili ndi inu nokha. Anafunsa zaka zanu, ndi ngati muli ndi ana. Ndinamuuza za Ovi, kuti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anatolanso cholembera chija n'kulemba.

Sayali wandikonzera kompyuta kuti mawu onse azibwera mbali imodzi. A Farokh anati kumeneko n'kuononga nyimbo, kenako anamukankha pampando n'kumaliza okha. Makaseti atsala khumi ndi imodzi. Ndasiya kuwayesa, ndikungowamvera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya bwino. Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Miraj, ndi kwa Ovi. Mukamamupesa tsitsi m'mawa, mumuitane dzina monong'ona, kumanja kenako kumanzere. Musamuuze chifukwa chake.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Shrirang