Amuna anga akuti ndiwasankhire njoka

Aphungu,

Mavuto a m'banja mwamva ambiri, koma langali kaya munalimvapo. Amuna anga, a Herbert, akufuna kuweta njoka yaululu, ndipo akuti yoyambira ndiwasankhire ineyo.

Chaka chatha, nthawi yokolola nandolo, tinataya mwana wathu woyamba, Mayamiko. Anaponda mphiri m'munda mwathu, bambo ake ali pamzere wotsatira. Anthu anathamanga, wina kumanga mwendo ndi mphira wa chubu, wina kutema ndi lezala, wina kupaka mankhwala achikuda. Pomwe njinga yamoto inkafika naye kuchipatala, mwendo unali utada bii. Mwana wanga sanabwerenso.

Chichitikireni maliro, amuna anga sanapondemo m'mundamo. Akaona chingwe pansi amalumpha n'kuthawa. Munthu amene ankalima mpaka dzuwa paliwombo, lero amangokhala pakhonde n'kumaonera pa foni anthu akunja ogwira njoka. Mwezi uno akhoma bokosi la matabwa, pamwamba ayika waya, ndipo apangana kale ndi wootcha makala wina kuti awagwirire njokayo.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Mayi a Mayamiko, ndikufuna ndiziyang'anizana nayo tsiku ndi tsiku mpaka mantha athe. Ndikaidziwa bwino ndiziphunzitsa ana a anzathu. Sankhani inu: mphiri, mamba yolavula ija, kapena nalikukuti poti ngwowonda."

Dzina limeneli sanasiye kundiitana nalo, ndipo ndikalimva mtima umandipweteka.

Aphungu, iwowa ndi akamwini pamudzi pathu. Bokosi lija anthu aliona, ndiye manong'onong'o ayamba akuti woweta njoka ndi wokhwima, mwina mwanayo anachita kumupereka. Amalume anga ananditengera pambali n'kunena kuti, "Njokayo ikalowa pakhomo pano, mwamunayo atuluke."

Tili ndi kamwana kena, Wongani, kongoyamba kuyenda, kogwiragwira chilichonse. Koma ndikakana, ndikuopa kuwalanda chinthu chokhacho chimene chawadzutsa pamphasa. Sindikufuna kuwataya. Kodi ilipo yofatsirako, yoti munthu n'kuyambira?

A.K., Matope, Neno

A.K.,

Pepani ndithu. Ndawerenga kalata yanu misozi ili m'maso. Koma funso lanu ndiliyankha mosapsatira: yofatsirako palibe, ndipo musasankhe.

Mphiri imaoneka yaulesi, koma liwiro lake poluma mukulidziwa inuyo kuposa ine. Mamba yolavulayo imalasa m'maso munthu ali chapatali, ndipo waya satchinga malovu. Nalikukuti asakupusitseni ndi kuwonda. Ululu wake umatulutsa magazi osaleka, ndipo mankhwala othana nawo kulibe. Anthu a pa foniwo anayamba ndi njoka zopanda ululu, anaphunzira zaka zambiri kwa akatswiri, ali ndi chilolezo cha boma, chipatala chili pafupi. Komabe nawonso amalumidwa. Nanga a Herbert, amene amathawa akaona chingwe, azitsekula bwanji bokosilo poidyetsa?

Amuna anu si mfiti, ndiponso sanapenge. Ndi bambo amene anali pamzere wotsatira koma sanathe kupulumutsa mwana wake. Chimene chikuwadya n'chimenecho, ndipo njoka ya m'bokosi singachichotse.

Choyamba, wootcha makala uja auzidwe lero kuti asabweretse kanthu. Kenaka muwakhazike pansi amuna anu, muwauze kuti ayi, koma musathere pomwepo. Maganizo awo ophunzitsa ena ndi abwino, muwayamikire. Mupite nawo kwa alangizi a zaumoyo akawaphunzitse zoyenera kuchita munthu akalumidwa: osamanga, osatema, osayamwa, wodwalayo asayende yekha, anyamulidwe msanga kupita kuchipatala. Zimenezi angakazinene kutchalitchi ndi kusukulu opanda njoka m'manja. Anthu adzawamvera, poti aliyense akudziwa chomwe chinawagwera. Kuchipatala komweko mufunsenso za aphungu othandiza anthu oferedwa. Nonse awiri mukufunika thandizo limenelo, pakuti inunso mwana ameneyu anali wanu.

Za amalume musadikire kuti mphekesera zikule. Itanani ankhoswe a mbali zonse, a Herbert afotokoze ndi pakamwa pawo chifukwa chimene anakhomera bokosi, ndipo aliphwasule anthu akuona. Mkamwini akangotchulidwa kuti ndi wokhwima, dzinalo silifufutika.

Kumunda muzipita limodzi, mutavala majombo, ndodo ili m'manja. Muyambire m'mphepete. Akalira, alekeni alire.

Chenjezo langa ndi ili: musazengereze poopa kuwakhumudwitsa. Mwina akwiya, mwina atha sabata osakulankhulani. Pirirani, mayi. Mwamuna wokwiya mumadya naye chamadzulo, koma wolumidwa mumakamuona kumanda.

Aphungu