Mabuku Amene Unatumizira Lusungu

Wokondedwa mwana wanga Wongani,

Moni. Kuno tili bwino, kupatula bondo langali. Kaya iwe ku Japan kumeneko?

Ndinabereka atatu. Tiwonge ndi namwino, Isaac ndi mphunzitsi ku Mzuzu, iwe ukuphunzira za mainjini. Palibe anandichititsapo manyazi, mpaka mabuku ako aja.

Mwana wako Lusungu atawalandira, ndinkati ndi a sukulu poti ndi achizungu. Milungu itatu ndinanyika ndi kusinja chinangwa ndekha kuti iye aziwerenga, poti mayeso a Fomu 4 ayandikira. Sabata yatha kunabwera amayi akumpingo a Umanyano, ine n'kutulutsa buku limodzi monyadira. NyaManda, amene anali mphunzitsi, anangotsegula, n'kuona zithunzi zake, n'kuyamba kuseka. Amvekere, "Amama, sayansi yake ndi imeneyi? Kamtsikana ka maso ngati mbale aka kakulira poti mnyamata sanakagwire dzanja!" Onse anaseka mpaka misozi.

Lusungu akuti nkhanizo zinachokera m'makatuni akumeneko, ndipo zimaphunzitsa kukula. Wophunzitsa kukula pakhomo pano ndine.

Mabukuwo ndawatsekera m'sutikesi mpaka alembe mayeso. Utumize a masamu. Mulungu akusunge, koma akalephera mwanayu udzayankha ndiwe pamaso pa abale ako. Tidzakumana tonse kuno tsiku lotsatira Khirisimasi.

Ndine mayi ako,
NyaChirwa